Tinamanga msewu, nanga kamba awolokere pati?

Mvula yoyamba ikangogwa, aliyense amene amanyamuka m'mamawa kuchokera ku Salima kulowera ku Nkhotakota, kapena kutsika ku Chikwawa kupita ku Nsanje, amadziwa zimene amapeza pa phula: achule ophwatalala, njoka yodukaduka, bilimankhwe amene watsala chikopa chokha, kamba wosweka chigoba, ndi akhwangwala akudumphadumpha pakati pa msewu kutola zakufa. Ena amazemba ndi tayala, ena sazemba n'komwe, ulendo n'kumapitirira. Kodi imfa zimenezi ndi mtengo umene tinagwirizana kulipira kuti tikhale ndi misewu yabwino? Kapena zikuchitika chabe chifukwa pojambula msewu palibe amene anakumbukira kuti pamalopo pamadutsanso zamoyo zina?

Misewu tikuifuna, ndipo tikuifunitsitsa. Mlimi wa tomato ku Ntcheu akufuna katundu wake afike ku Limbe asanaphwanyike, ndipo ambulansi yonyamula mayi amene wavutika pobereka siyenera kutitimira m'matope. Palibe munthu wanzeru amene anganene kuti tileke kuthira phula chifukwa cha achule. Ena adzati walira mvula walira matope, msewu ukabwera zina ziyenera kufa basi. Koma kodi matope onse ndi osapeweka? Nanga ngati anzathu a ku Tanzania ndi ku Kenya anachepetsa imfa zoterezi ndi zinthu zotsika mtengo, ife tikudikira chiyani?

Adalaivala ambiri amafunsa mokwiya kuti, kodi nyamazi zimafunanji pamsewu? Zoona zake n'zakuti msewu ndi umene unazipeza. Achule ambiri amatha chilimwe chonse atabisala m'maenje ndi pansi pa masamba kumtunda, koma mazira amakaikira m'madzi. Mvula ikagwa amatsikira kudambo ambirimbiri usiku umodzi, ndipo ngati pakati pa mtunda ndi dambo tinadutsitsapo msewu, alibe kolambalalira. Kamba wamkazi amayenda mtunda kufunafuna dothi loti akumbe n'kuikira mazira. Njoka imakopeka ndi phula chifukwa limasunga kutentha dzuwa litalowa. Lumbe amatera poyera usiku kudikira tizilombo touluka, ndipo poyera pabwino kuposa pamsewu palibe. Ngumbi zikatuluka n'kuthothokera mapiko pa phula, zonse zodya ngumbi zimalondola konko.

Nanga bwanji sizithawa zikamva galimoto? Chifukwa nzeru zimene zinabadwa nazo n'zodzitetezera kwa fisi ndi kambuku, osati kwa lole yodzaza simenti. Kamba akaopsezedwa amalowetsa mutu n'kukhala pomwepo. Ngaka ndi kanungu amadzipinda. Bilimankhwe amaponya mwendo mozengereza, akugwedezeka kuti adani amuyese tsamba. Chule nyali zikamuwalira amangoti duu. Kutchire njira zonsezi zimapulumutsa moyo, pamsewu ndi zimene zimaphetsa. Ofufuza a ku Denmark anawerengera m'chaka cha 2001 kuti pamsewu wodutsa magalimoto pafupifupi 3,200 patsiku, achule 34 mpaka 61 pa 100 aliwonse oyesa kuwoloka amafa, ndipo pamsewu waukulu kwambiri amafa 89 mpaka 98. Achule amaswana ambiri, komabe dambo limene makolo ake akuphedwa chaka ndi chaka limayamba kuti zii. Kwa kamba n'zoipa kuposa apa, pakuti akamba akuluakulu a kuno amatenga zaka zoposa 10 asanayambe kuikira mazira. Tayala limodzi limafafaniza zaka zonsezo pamodzi ndi ana amene akanabadwa.

Kodi ndi zingati zimene zimafa? Ku South Africa anawerengako. Wendy Collinson, wa bungwe la Endangered Wildlife Trust, anayendera misewu ya kufupi ndi Mapungubwe, m'chigawo cha Limpopo, kwa masiku 120, ndipo anapeza mitembo yoposa 1,100 ya nyama za mitundu yoposa 160. Zambiri mwa izo sizinali nyama zikuluzikulu zimene alendo amabwerera kudzaona. Zinali mbalame, njoka, abuluzi, mbewa, akamba ndi achule. Galimoto ikagunda njovu kapena mvuu, nkhani imamveka pawailesi tsiku lomwelo chifukwa galimoto yaphwanyika ndipo mwina anthu avulala. Ikaponda fungwe kapena ng'azi, dalaivala amangomva kakugunda pang'ono pansi, ndipo pofika masana akhwangwala ndi agalu amakhala atasesa umboni wonse. Nanga za M1, M5 kapena msewu wochokera ku Kasungu kupita ku Nkhotakota, umene umadutsa m'kati mwenimweni mwa nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, ziwerengero zake zili m'kabati ya yani? Amene amajambula misewu anaziona?

Tikudziwa chimene owerenga ena akunena pofika pano: anthu akufa pamsewu tsiku ndi tsiku, inu n'kumalira achule? Funsoli ndi loyenera ndipo sitikulizemba. Dziko lino lili m'gulu la maiko amene ngozi zapamsewu zimapha anthu ambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake, ndipo ambiri mwa omwalirawo ndi oyenda pansi ndi okwera njinga. Koma chimene chikupha mwana wasukulu n'chiyani, ngati si liwiro lomwelo limene likupha kamba? Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati liwiro likakwera ndi gawo limodzi pa 100, ngozi zakupha zimachuluka ndi magawo anayi pa 100. Dalaivala amene sangathe kuona ng'azi yotalika mita imodzi pa phula masanasana, kodi angaone mwana wothamangira mbuzi madzulo? Msewu wojambulidwa poganizira galimoto yokha umaiwala onse oyenda pang'onopang'ono, kaya ali ndi miyendo iwiri kaya inayi.

Umboni uli pafupi, ku Zanzibar. Kumeneko kuli apusi ofiira a mtundu wa colobus amene sapezeka kwina kulikonse padziko, ndipo atsala osakwana 6,000. Msewu waukulu umadutsa m'mphepete mwa nkhalango ya Jozani, kumene ambiri amakhala. Msewuwo utathiridwa phula, pusi mmodzi ankagundidwa pa masabata awiri kapena atatu aliwonse. Kenako akuluakulu anaika mahampu, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2021 anapeza kuti mahampuwo ataikidwa ankafa mmodzi pa masabata pafupifupi asanu ndi limodzi. Imfa zinatsika ndi theka.  Anaika mahampu omwewa amene timaika pa malo a malonda. Kodi amenewa ndi otikanika?

Ku Diani, m'mphepete mwa nyanja kumwera kwa Mombasa ku Kenya, bungwe la Colobus Conservation lakhala likumanga milatho ya zingwe pamwamba pa msewu kuyambira mu 1997. Amamangirira makwerero a waya, mphira ndi mapaipi kuchokera pamtengo wa tsidya lino kukafika pamtengo wa tsidya linalo, apusi n'kumadutsa m'mwamba magalimoto akudutsa pansi. Ku mapiri a Soutpansberg ku South Africa, ofufuza anayesa mitundu iwiri ya milatho ndipo anapeza kuti anchima, omwewa amene tili nawo ku Zomba ndi ku Mulanje, amakonda mlatho wa nsungwi kuposa makwerero a zingwe. Nsungwi! Kodi ku Zomba kapena ku Nkhata Bay nsungwi n'zosowa?

Palinso ena amene anafika potseka msewu weniweniwo. Pachilumba cha Christmas Island, cha dziko la Australia, nkhanu zofiira mamiliyoni ambiri zimachoka m'nkhalango mvula ikayamba, kutsikira kunyanja kukaswana. Akuluakulu a kumeneko amatseka misewu ina kwa masiku angapo, anamanga timipanda tolondolera nkhanuzo ku ngalande zapansi zoposa 30, ndiponso mlatho wotalika mamita 5 umene nkhanu zimakwera n'kutsikira tsidya lina. Ku England, kufupi ndi mzinda wa Bath, kamsewu ka Charlcombe Lane kamatsekedwa masabata asanu ndi limodzi chaka chilichonse, m'miyezi ya February ndi March, kuyambira mu 2003, kuti achule afike kunyanja yawo yoswanira. Ziwerengero za kumeneko zinaonetsa zoopsa: kafukufuku wa mu 2016 anapeza kuti achule a mtundu wina wofala ku Britain anachepa ndi magawo 68 pa 100 m'zaka 30. Akanapanda kuwerenga, akanadziwa bwanji?

Ziwerengerozo zinachokera kwa anthu wamba. Usiku wamvula, dzuwa likangolowa, anthu odzipereka amavala majekete owala, kutenga tochi ndi ndowa, n'kumayenda m'mbali mwa msewu. Akaona chule amamutola ndi manja ovala magolovesi, kumuika m'ndowa, kuwoloka naye, kumutsitsa m'udzu cha kumadzi, n'kulemba m'buku: wamwamuna kapena wamkazi, wamoyo kapena wakufa. Bungwe la Froglife limasonkhanitsa mabuku amenewa kuchokera m'madera ambiri. Ku Cape Town, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito, gulu la Toad NUTS la ku Noordhoek limachita zomwezo mwezi wa August, nthawi imene achule amawanga a kumeneko amapita koswanira. Ife tili ndi makalabu a zachilengedwe m'masukulu ambiri, amene bungwe la WESM lakhala likuwalimbikitsa kwa zaka zambiri. Sitikunena kuti ana atumidwe pa M1 usiku, kutalitali. Koma mphunzitsi ndi ophunzira ake akuluakulu atamayenda m'mawa m'mbali mwa msewu wa kufupi ndi dambo, kulemba zimene zafa ndi pamene zafera, pakutha pa dzinja limodzi angathe kuloza ndi chala malo enieni ofunika kukonza. Kodi buku ndi pensulo n'zofunika thandizo la kunja?

Komabe ndowa si yankho lokhalitsa. Yankho lili m'manja mwa mainjiniya, ndipo mbali yaikulu ya yankholo anaimanga kale osadziwa. Pansi pa msewu uliwonse wa phula pali mapaipi akuluakulu ndi timilatho todutsitsa madzi. Zimenezi zikhoza kudutsitsanso nyama zikangokonzedwa pang'ono. Choyamba pamafunika kampanda kosalala, kofika m'mawondo, koyenda m'mbali mwa msewu n'kukathera pakamwa pa paipi, kuti chule kapena kamba akafika pamenepo alephere kukwera ndipo atsatire khoma mpaka kulowa. M'kati mwa paipi muzikhala kanjira kokwera pang'ono m'mbali kuti nyama zosakonda madzi zidutse pouma ngakhale madzi akuyenda. Pansi pazikhala dothi, ndipo kuwala kwa tsidya linalo kuzioneka, chifukwa nyama zambiri zimaopa kulowa mumdima wosaoneka kothera. Ngalande za konkire za m'mbali mwa msewu, zija zimakhala ndi makoma oongoka, ndi msampha: kamba akagweramo satulukanso, amafa ndi dzuwa kapena kukokoloka ndi madzi. Kungoika potsetsereka apa ndi apo n'kokwanira kuti akwere.

Ntchitoyi imafuna kuchitidwa mokwanira. Ku Long Point, m'chigawo cha Ontario ku Canada, kuli msewu wodutsa pakati pa dambo umene unkapha akamba a m'madzi ndi njoka zambirimbiri. Ataika mipanda ndi ngalande zapansi, akamba opezeka pamsewu anachepa ndi magawo 89 pa 100. Koma ofufuza anaonanso kuti pamene mpanda unali wodukizadukiza, zinthu sizinasinthe, chifukwa nyama zinkatsatira mpandawo mpaka pothera pake n'kukwera pa phula pomwepo. Phunziro lake ndi lodziwikiratu kwa aliyense amene anamangapo khola: mbuzi sizisamala kuti mbali zitatu n'zolimba bwanji ngati yachinayi ili ndi mpata. Chinanso n'chakuti zonsezi zimatsika mtengo zikalowa m'pulani msewu usanamangidwe. Kubwera pambuyo kudzaswa phula latsopano kuti muikemo paipi n'kulipira kawiri.

Tsono tifunse amene akuyenera kufunsidwa. Lamulo loona za chilengedwe la mu 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu, kuphatikizapo misewu, ziunikidwe kaye mmene zidzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo bungwe la MEPA ndi limene limavomereza malipoti amenewa. Inu a MEPA, kodi mukamawerenga lipoti la msewu wodutsa m'dambo, mumafunsa kuti achule, akamba ndi akatumbu adzawolokera pati? Inu a Roads Authority, pomanganso mbali zina za M1 kulowera kumpoto ndi za M5, kodi m'mapangano anu ndi makontrakitala muli mzere ngakhale umodzi wonena za kampanda kolondolera nyama kupaipi? Inu a nthambi yoona za nkhalango ndi nyama zakutchire, kodi mumaitanidwa pojambula msewu, kapena mumangodzaona fumbi ntchito itayamba? Dziko lino linakhwimitsa malamulo mu 2017 moti wopezeka ndi ngaka akhoza kukakhala kundende mpaka zaka 30, ndipo tinachita bwino. Nanga ngaka imene yapulumutsidwa kwa ozembetsa, n'kusamalidwa miyezi, n'kubwezeredwa kutchire, tikufuna idzathere pansi pa tayala?

Sikuti mlandu wonse uli ndi maofesi. Pali imfa zina zimene sizichitika mwangozi. Ku Long Point komweko, ofufuza anaika njoka ndi akamba a pulasitiki pamsewu n'kubisala, ndipo anaona kuti pafupifupi adalaivala atatu pa 100 aliwonse ankakhotetsa dala chiwongolero kuti aponde. Kodi kuno tikanayesa zomwezo tikanapeza angati? Tonse tinakwerapo galimoto imene dalaivala ataona njoka anawonjezera moto, okwera n'kumamuchemerera. Kadzidzi timamuda ati ndi wa afiti, bilimankhwe ati amalodza. Koma banja limodzi la akadzidzi limadya makoswe ndi mbewa mazana ambiri pachaka, ndipo njoka zambiri zopondedwazo zilibe ululu wopha munthu, ntchito yake n'kusaka makoswe omwe akutha chimanga m'nkhokwe. Achule amadya tizilombo tambirimbiri m'madimba ndi m'minda ya mpunga. Tikamapha alonda amenewa, kenako n'kumakagula mankhwala a makoswe ndi ndalama zosowa kale, tapindulanji?

Palinso zimene timaponya pawindo. Minibasi ikangochoka pa Lizulu kapena pa Jenda, zisononkho za chimanga, makoko a nthochi ndi zotsala za nzimbe zimayamba kuuluka. Malole onyamula chimanga ndi soya amadontheza njere msewu wonse. Usiku mbewa zimabwera kudzadya m'mbali mwa phula, kadzidzi amatsika kudzagwira mbewa, nyali za basi zimamuthobwa m'maso, basi watha. M'mawa fungwe kapena mphamba wobwera kudzadya kadzidziyo nayenso amagundidwa. Imfa imodzi imaitana inzake, ndipo inayambira pa chisononkho. Kondakitala amene amasunga kajumbo ka zinyalala pansi pa mpando amateteza nyama zambiri kuposa chikwangwani chachikulu cha m'mbali mwa msewu.

Nanga munthu wapaulendo akaona kamba pakati pa msewu achite chiyani? Choyamba adzisamale yekha ndi amene wanyamula. Kukhotetsa galimoto mwadzidzidzi kapena kuponda buleki pakona chifukwa cha chule n'kusinthanitsa moyo wa anthu ndi wa chule, ndipo palibe amene akupempha zimenezo. Chofunika n'kuchepetsa liwiro pasadakhale podutsa m'madambo ndi m'nkhalango, makamaka madzulo, m'bandakucha ndi usiku wamvula. Ngati pali poima pabwino, imani kunja kwa msewu, yatsani nyali zochenjeza, gwirani kamba ndi manja awiri m'mbali mwa chigoba, musamutembenuze chagada, ndipo mukamutsitse tsidya limene amalowera. Mukamubwezera kumene wachokera adzayambiranso ulendo womwewo inu mutapita. Paja amati kamba amanyera yemwe wamtola, ndipo pali chifukwa chake: akachita mantha amataya madzi amene amasunga m'thupi kuti apirire nawo chilimwe, choncho munyamuleni motsitsa ndi mwachangu. Musapite naye kunyumba kuti ana azisewera naye. Bilimankhwe saluma moopsa, muikireni kamtengo akwerepo. Njoka musaigwire, ingoimani patali mpaka idutse. Mukapeza nyama yovulala kapena ngaka, dziwitsani a nkhalango kapena a Lilongwe Wildlife Trust, amene ali ndi malo osamalira nyama zotere.

Zimene tikupempha si zambiri. A Roads Authority alembe m'malamulo awo ojambulira misewu kuti paliponse pamene msewu ukudutsa m'dambo, pamtsinje kapena m'nkhalango, mapaipi ndi ngalande zizimangidwa moti nyama zing'onozing'ono zithe kudutsa ndi kutuluka. A MEPA azibweza lipoti lililonse la msewu limene silikunena kanthu za njira zowolokera nyama. A nkhalango, mothandizana ndi masukulu ndi makampani a mabasi amene madalaivala awo amayenda misewu yomweyo tsiku ndi tsiku, ayambe kulemba malo amene nyama zikufera, ndipo pamalo oipitsitsa paikidwe mahampu ndi zikwangwani. Misewu imene ikumangidwa lero idzatumikira zaka makumi angapo, ndipo chimene chaiwalika pa pulani chidzakhala choiwalika nthawi yonseyo. Aphungu a Nyumba ya Malamulo a m'komiti yoona za chilengedwe ali ndi mphamvu zoitanitsa mapulani amenewa n'kuwaunika phula lisanathiridwe. Ndani mwa iwo adzayambe kufunsa?